Malemu Bambo a Takondwa m'Kanema wa Mjapani

Azakhali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Phalombe. Ife kuno ku Madisi tilipo, fodya tayamba kusoka.

Mjapani uja ankajambula kanema wa matenanti a fodya pa esiteti pano anatuma galimoto kudzanditenga, poti kanema wake ankamuonetsa ku yunivesite ku Lilongwe. Ndinawaona malemu amuna anga pa chinsalu, amoyo, akusoka fodya m'chigafa. Ophunzira anakambirana nthawi yaitali za kukongola kwa dzuwa pa manja awo. Atandifunsa mmene ndamvera, ndinangoti bwino.

Koma chifuwa chija mulibemo, azakhali. Akuti anachichotsa chifukwa chinkasokoneza mawu.

Mvula ikugwa bwino. Takondwa ndiye akusoka pa malo a bambo ake. Nayenso wayamba kutsokomola, koma zimenezo tidzakamba.

Ine mwana wanu,
Ruti