Msipu pa Phulusa

Lachinayi, Okutobala. Kwatentha.

Bwalo lathu la gofu pano pa Boma laphuka msipu, mvula isanagwe ngakhale dontho. Mwezi watha moto wolusa unalisiya lakuda bii, ndipo ndinauza komiti kuti mpikisano wa Loweruka lino ulephereke. Lero ndinaima poyambira kumenya kampira, kukamwa kuli yasa. Ndinawerengapo kuti mizu imasunga chinyezi, koma buku silinandiuze kuti phulusa lingabiriwire chotere.

A Nyirenda a ku positi anandiseka. "Adada, mwazizwa chomene? Menyani chapansipansi, nthaka njouma, kampira kathamanga kokha." Ndinamenyadi choncho, ndipo kanagubuduka mpaka pamchenga wothira oilo umene timasalaza m'malo mwa kapinga, pafupi ndi dzenje lolowetsamo kampira.

Mpikisano uchitika ndithu, a tcheyamani a chipani adzatsegula. Koma ng'ombe za kutsidya nazonso zauona msipuwo, ndipo zimadzuka ife tisanadzuke.