Pulogalamu ndinayendetsa ndine, mlandu wagwera a Eston

Aphungu,

Ndithandizeni, mutu wanga waima. Lachisanu likubwerali munthu achotsedwa ntchito chifukwa cha ine, ndipo mwiniwakeyo akundiuza kuti nditseke pakamwa.

Ndine mayi wa zaka 29. Ndimagwira ntchito pa kampani ina ya ku Lilongwe yobwereketsa maseva, makompyuta akuluakulu osunga zinthu za makampani ena. Mayi anga atafa ziwalo za mbali imodzi chaka chatha, abwana anandilola kugwira ntchito ndili kwathu kuno ku Mbungo, pa chilumba cha Likoma. M'mawa uliwonse ndimayenda wapansi mpaka ku Chipyela komwe netiweki imagwirako, laputopu ili kumsana ngati mwana.

Amene anandipezera ntchitoyi ndi a Eston, kwawo ku Khuyu konkuno, koma amakhala ku Lilongweko. Iwo ndi achikale: seva iliyonse amaikonza pamanja, imodziimodzi, n'kulemba zomwe asintha m'kakope kawo kofiira. Ine zinanditopetsa. Ndinalemba pulogalamu yoti seva yatsopano ikangolumikizidwa, iziikidwa zonse zofunika popanda dzanja la munthu, potsatira fayilo imodzi. Ikapeza seva yosiyana ndi fayiloyo, imaibweza mumzere. Abwana anaomba m'manja, ine mapewa m'mwamba.

Tsiku loiyesa linali la sitima. Wa pa Likoma aliyense akudziwa kuti sitima ikangolira, chilumba chonse chimagwira foni, netiweki n'kufa. Nditamva kulirako ndinapupuluma kuti ndimalize netiweki isanafe. M'malo moyamba ndi seva imodzi, ndinaiyendetsa pa onse makumi anayi nthawi imodzi. Pasiwedi yanga inalibe chilolezo chotere, ndiye ndinalowera ya a Eston, imene anandipatsa kalekale mwachifundo.

Mayo ine! Mwa maseva aja munali ya zipatala zina zolipira, imene a Eston anaisintha pamanja zaka zitatu zapitazo. Zosinthazo zinali m'kakope muja, m'fayilo yanga munalibe. Pulogalamu inasesa zonse. Tsiku lathunthu anamwino sanathe kuona mbiri za odwala. Abwana atafufuza, dzina lomwe linatuluka ndi la a Eston.

Nditawaimbira a Eston ndikulira, anati, "Usayerekeze kuyankhula. Ine ndakula kale. Iwe akakubweza kuno ku Lilongwe, amayi ako aziwatembenuza ndani?"

Koma Aphungu, akazi awo, a Lucy, amakhala konkuno. Dzulo lomweli anabwera kudzazonda mayi anga, atasenza ufa wa kondowole. Sakudziwa kanthu. Ndinalephera kuwayang'ana kumaso, ndipo ndikudzida. Ndikhale chete monga andiuzira, kapena ndiulule?

J.M., Mbungo, Likoma

A J.M.,

Ululani, achemwali, ndipo musadikire Lachisanu. Mawa lomweli.

Sindikupeputsa nkhani ya mayi anu, ndikudziwa kuti ndi imene yakumangani lilime. Koma mukudziwa bwino kuposa ine kuti makina anuwo salemba dzina lokha, amalembanso komwe munthu walowera. Tsiku lina wina adzafunsa kuti a Eston anali bwanji pa Likoma chonsecho anali muofesi ku Lilongwe. Pamenepo mudzachoka nonse awiri, inu chifukwa chobisa, iwo chifukwa chokubisirani. Mayi anu adzapindulanji?

Yambani ndi a Eston. Aimbireni, athokozeni mwaulemu, kenako auzeni kuti mphatso imeneyi simulandira. Musawapemphe chilolezo, sakupatsani. Nawonso ali ndi kawo kolakwa, pasiwedi sabwereketsa ngati khasu, koma chala chimene chinadina ndi chanu.

Mukatero lemberani abwana kalata yaifupi: munachita chiyani, nthawi yanji, ndi pasiwedi ya ndani. Sitima musaitchule ngati chodzikhululukira. Sitima sinakukankheni, ndi phuma lanu, ndipo kuthamanga si kufika.

Musapite ndi misozi yokha, pitani ndi njira yokonzera. Pulogalamuyo iziyamba yaonetsa zomwe ikufuna kusintha isanagwire kalikonse, munthu wachiwiri avomereze, ndipo iziyesedwa pa seva imodzi kaye. Aliyense azilowa ndi pasiwedi yakeyake. Chachikulu, kakope kofiira kaja kalowe konse m'fayilo yanu, tsamba ndi tsamba. Ntchito imeneyo singatheke popanda a Eston, ndipo abwana aimve mfundoyi kuchokera pakamwa panu. Munaona kopelo ngati zachikale, pamene munali zomwe pulogalamu yanu sinkadziwa.

Za kukhala pa Likoma pemphani poyera, munene kuti ntchito zikuluzikulu simudzazigwiranso tsiku la sitima. Angathe kukana, sindikunamizani. N'chifukwa chake madzulo ano mukhale pansi ndi abale, mugwirizane yemwe angasamale mayi ngati mutaitanidwa.

Chenjezo langa ndi ili: ku Lilongwe munthu amatha kubisala, koma chilumba chanucho n'chaching'ono. Mukakhala chete, a Eston adzatsika sitima yomweyo ndi katundu wawo yense, ndipo a Lucy sadzasiya kubwera ndi ufa. Mudzaulandira ndi manja awiri kwa zaka zingati?

Aphungu