Kompyuta Yatsopano Ndaibwezera Nzeru Zakale

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja wasiya kutupa? Ine thupi lili bwino, koma kuntchito zavuta, ndipo ndati mumve kwa ine ndemwe, musadzangondiona ndatulukira ndi chikwama pamutu.

Paja ntchito yanga ndi ya pazenera. Lole ikapakira katundu ine ndimalemba chikalata, ndipo popanda chikalatacho mlonda satsegula geti. Mwezi watha abwana anatigulira kompyuta yatsopano, yopyapyala, yonyezimira ngati mkwatibwi. Koma ulesi wake! Ndikaiyatsa m'mawa, kamphete kankangozungulira pasikirini. Ndinkapita kukatunga madzi akumwa, pobwera kakadazungulira. Ndikati ndayamba kulemba, inkati ndidikire, ikudzikonza kaye. Pulinta yathu yakale yaphokoso ija, yomenya mapepala atatu nthawi imodzi, kompyutayo inkachita kuikana ngati siidziwa.

Mzere wa madalaivala unkafika kumpanda. Ndipotu satukwana kompyuta, achemwali, amatukwana nkhope imene ili pazenera. Wina, bambo wamkulu ndithu waimvi, anandifunsa pagulu ngati ntchitoyi ndinaipeza ndi sukulu kapena ndi kumwetulira. Tsiku limenelo ndinakalirira kuseri kwa nyumba yosungira katundu.

Ndinakadandaula kwa mkulu woona za makompyuta, amene timawatcha a Tayi chifukwa ngakhale pokwawa pansi pa tebulo tayi savula. Katatu konse yankho linali limodzi, lakuti ndizolowera.

Loweruka masana anzanga ataweruka, ine ndinatsala. Ndinakopera mafayilo onse pa fulashi, ndinafufuta pulogalamu yatsopano imene imayendetsa kompyuta yonse, n'kuikamo yakale imene takhala tikugwiritsa ntchito zaka zonsezi. Chimbale chake chinali m'dilowa mwanga. Koma Lolemba 8 koloko isanakwane malole onse anali atatuluka, moti mlonda ataona bwalo lili mbee anabwera kudzafunsa ngati kuli sitalaka.

A Tayi anazindikira Lachitatu. Anati pulogalamu yakaleyo eni ake anasiya kuisamala, ndiye mavairasi azingolowa. Pamenepo sananame, n'chifukwa chake chingwe cha intaneti ndinali nditazula kale, pakuti zikalata za malole sizifuna intaneti. Koma chawawawa si vairasi ayi. Chawawawa n'chakuti zimene iwo analephera mwezi wathunthu wazichita ndi mkazi wa pazenera. Anakauza abwana kuti ndaononga katundu wa kampani, komanso kuti ndine mbuli yongodziwa kutayipa.

Ndalandira kalata yoti Lachisanu la sabata yamawa ndikaonekere pamaso pa akuluakulu. Abwana anandiitanira pambali n'kundiuza kuti ndikangosaina pepala lovomera kuti sindinkadziwa chimene ndikuchita, nkhani ithera pomwepo, ndipo pulogalamu yochedwa ija ibwezeretsedwa. Apo ayi, ntchito yatha.

Ndikudziwa zimene munene, kuti ndiugwire mtima, ntchito masiku ano ndi yosowa, ndipo makaniwa ndinayamba ndili kumsana. Mantha ndili nawo ndithu. Kuti sindinapemphe chilolezo ndikapepesa, pamenepo ndinalakwadi. Koma kusaina kuti ndine mbuli, ayi, dzanja langa silingalembe zimenezo. Akafuna abweretse makompyuta awiri, ina ya pulogalamu yatsopano ina yangayi, tiyatse pamodzi madalaivala akuonerera.

Pempho langa ndi limodzi. Satifiketi yanga ya makompyuta ija ili mufulemu pabalaza, pakhoma pamwamba pa kabati. Muichotsemo, muiike pakati pa makatoni awiri kuti isapindike, mupatse kondakitala wa basi ya Lachiwiri. Ine ndikadikira kudepoti. Ndikufuna ndikaiyale patebulo a Tayi aiwerenge okha mokweza.

Amayi akafunsa chifukwa chake pakhoma patsala msomali wokha, musawabisire. Anagulitsa makina awo osokera kuti ine ndiphunzire zimenezi. Ntchito ikatha ndibwera kumudzi, manyazi sindichita, koma pepala lonena kuti makina aja anapita pachabe sindisaina.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, amalume ndi azakhali. Ana onse muwauze kuti mayi awo aang'ono akuwasowa.

Tsalani bwino.

Ndine mng'ono wanu,
Wamakani uja