Nkhata pa Nyali za Khirisimasi

Warsaw,
11 Disembala

Okondedwa achemwali anga a Bogna,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Chicago kumeneko. Ife kuno tilipo, chipale chofewa chinagwa Lolemba mpaka kufika m'mawondo. Musadabwe kuti ndalemba kalata m'malo moimba foni. Mawu anga mumawadziwa, mukanandigwira ndisanamalize n'komwe moni.

Lachiwiri a magazini aja amene ndimawajambulira zithunzi anandituma kukajambula nyali za Khirisimasi mumsewu wa Nowy Świat. Mwamuna wanga Leszek anandiperekeza kuti azindinyamulira choimikapo kamera, akudandaula njira yonse monga mwa masiku onse. Dzuwa litangolowa nyali zinayaka, chipale chili mbee, anthu piringupiringu. Nditasuzumira mu kamera ndinaona nyali iliyonse itavala nkhata ya mitundu ngati utawaleza. Ndinadzitukwana ndekha, chifukwa tinali titangotuluka kumene m'sitolo ya tiyi, ndipo kamera sindinaikulunge m'pulasitiki. Paja kamera yozizira ukalowa nayo motentha galasi limachita nthunzi. Ndinapukuta, kusuzumira, kupukutanso.

“Iwe Mirka, galasi limeneli ukufuna libooke?” anatero Leszek. “Zala zanga zafa kale kuno.”

“Taona wekha nkhatazi, ndijambula bwanji?”

Anasuzumira nthawi yaitali, kenako anandiyang'ana. “Nkhata zake ziti?”

Achemwali, ndinakweza maso osayang'ananso mu kamera, koma nkhata zija zinalipobe, msewu wonse mpaka kumapeto. Leszek ndinamuuza kuti ndimangocheza, iye n'kuseka. Pobwerera ndinagunda mayi wina amene anali kumanzere kwanga, sindinamuone m'pang'ono pomwe. Anandikalipira kuti, “Maso muli nawo inu?” Ndinangopepesa.

Zithunzi zinatuluka zoyera bwino, zopanda nkhata ngakhale imodzi. Mkonzi wa magazini mpaka anandiimbira kuti chaka chino ndaposa. Ine pofuna kulira.

Dzulo ndinapita kwa dokotala wa maso ndekha. Anayeza, n'kuyezanso, kenako anafunsa ngati kwathu alipo amene anasiya kuona. Akuti ndibwerere Lachinayi akapime bwinobwino. Akuti pali mankhwala odontheza amene angaimitse matendawa, koma zimene zapita kale sizibwerera. Zapita zochuluka bwanji, sananene, ndipo ine sindinalimbe mtima kufunsa.

Ndiye ndikufunsani inu. Pamene malemu abambo ankasiya kuyendetsa basi ine ndinali mwana, inu munali wamkulu. Zinayamba bwanji? Ankatchula za nkhata pa nyali? Zinatenga nthawi yaitali bwanji kuti ayambe kuyenda chogwira khoma? Musandinyengerere ayi, ndiuzeni mmene zinalili. Ndikuopa, achemwali. Ntchito ina sindiidziwa ine, moyo wanga wonse ndi kutsinzina diso limodzi. Inunso chonde kayezetseni, musachite makani anu aja.

Leszek ndimuuza ndikamva za Lachinayi. Koma amayi musawauze, mtima wawo mukuudziwa, ndipo za abambo zinawakwana.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti chaka chino nsomba ya Khirisimasi akonza ndi iwo, chaka chatha anazemba. Ana muwapsompsone. Tidzakhala tikukudikirani kwa amayi ku Lublin, akuti bowa wouma agula kale.

Chomaliza, ndili ndi pempho. Madzulo a pa 24 amayi adzandituma pawindo monga chaka chilichonse, kuti ndione nyenyezi yoyamba tiyambe kudya. Adzanenanso zija zoti m'banja muno wa maso akuthwa ndi Mirka. Mudzabwere mudzaime pafupi nane, kumanja kwanga. Mukadzaiona musadzalankhule, mudzangonditsina pamkono, ndidzanena ndine.

Ndine mng'ono wanu,
Mirka