Basela wodzitengera waimitsa mwana wanga ntchito

Aphungu,

Ndikanakutchulani kuti Agogo monga achitira ena, koma pa chithunzi chanu m'nyuzipepalamu ndikuona kuti mano akutsogolo mukadali nawo onse, ndiye agogo pakati pa awirife ndine. Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, choncho mukapeza pokhota m'kalatamu muwongole nokha. Nkhani yanga si ya chikondi, musakhale tcheru pachabe. Ndi ya switi imodzi.

Ndimakhala kufupi ndi pa Kamwendo kuno ku Mchinji. Kwathu kuno kogula sikusowa. Kuli maokala a tizenera toti mutu sungalowe, kuli magolosale, kuli amayi a tomato ndi usipa tsiku la msika, kulinso anyamata obwera ndi zitenje za ku Chipata. Koma ine chiyambire tsitsi langa lili lakuda ndimagula pa golosale ya mnzanga Che Abbasi. Kumeneko kugula ndi kucheza. Umakhala pa benchi n'kufunsa mtengo wa shuga ngakhale unagula dzulo lomweli. Iye akatchula, iwe umagwira pamtima ngati wamva uthenga wa maliro, iye n'kulumbira kuti akugulitsa moluza, mpaka mugwirizane. Pomaliza umatambasula dzanja n'kunena kuti, "Nanga basela?" Amayamba wadandaula kuti ndidzamugwetsera bizinesi, kenako amandiponyera kaswiti kapena machesi. Anzathu a ku Zambia amati mbasela, koma ndi yemweyo: kapamwamba kamene wogulitsa amakuikira kuti mawa udzabwerenso.

Chaka chino kwatsegulidwa shopu yatsopano m'mbali mwa msewu wa tala, ya zitseko zagalasi. Dzina sinditchula, anthu angoitcha kuti Kwa Magalasi. M'menemo mulibe wokutengera katundu pa shelefu. Umanyamula basiketi n'kumazungulira wekha ngati uli m'dimba mwako, n'kukalipira potulukira. Benchi mulibe, wokufunsa za kunyumba mulibe, koma mumazizira bwino ndipo sopo alipo wa mitundumitundu, ine sindinkadziwa kuti litsiro lilinso ndi mitundu. Pakhomo anapachika chikwangwani cha zilembo zofiira: DZITENGERENI NOKHA. Mawu amenewo muwasunge, Aphungu, chifukwa ndiwo mboni yanga.

Mwana wanga wamkazi, timutche Felista, analembedwa ntchito ya ukashiya m'shopumo. Banja lake linatha, anabwerera pakhomo ndi ana awiri, ndipo wakhala zaka akukazinga mandasi n'kumagulitsa pa siteji ya minibasi. Iyi ndi ntchito yake yoyamba yolandira pamwezi, ndipo akadali pa miyezi yoyesedwa. Tsiku lomwe anabwera ndi yunifolomu anandikhazika pansi ngati mwana ndine. Anati, "Ababa, kuntchito kwanga musadzabwereko ndi nthabwala zanu. Kuja si kwa Che Abbasi." Ndinalonjeza, ndipo polonjezapo ndinkanena zoona.

Loweruka lina ndinati ndikaone mwana wanga akugwira ntchito. Ndinavala jekete la kutchalitchi, n'kutenga sopo ndi paketi ya mchere, n'kuima pa mzere wa kauntala yake. Nditafika anandiyang'ana ngati sitinaonanepo, amvekere, "Takulandirani, akasitomala." Anadutsitsa sopo pa kamakina kake, iko n'kulira kuti tiii. Ndinafunsa ngati nakonso kakulira ndi mtengowo. Anthu pa mzere anaseka. Matenda anga ali pamenepo, Aphungu: munthu mmodzi akangoseka, ine mabuleki amaduka. Ndinapempha kuti andichotsereko pang'ono. Iye, akuyankhulira m'mano, "Mitengo ndi yolembalemba, akasitomala." Ndinalipira, n'kutambasula dzanja. "Nanga basela?" Iye anati, "Muno mulibe basela." Ine ndinati, "Paja pakhomo mwalemba kuti tidzitengere tokha." Pambali pa kauntala panali botolo la maswiti. Ndinatengamo imodzi, n'kuikweza m'mwamba kuti onse aone, pasadzakhale zoti ndinabisa, n'kuiponya m'kamwa.

Potulukira pamaima mlonda woona malisiti. Anawerenga sopo, anawerenga mchere, kenako anayang'ana tsaya langa. "Nanga chatupitsa tsayali n'chiyani, madala?" Ndinati ndi dzino. Anati nditsegule pakamwa. Dzinolo linapezeka lofiira ndiponso lotsekemera. Wina panja anangoponya mawu akuti wakuba, a kabaza n'kuyamba kuimika njinga zawo, ndipo mukudziwa mmene zoterezi zimathera masiku ano. Felista anasiya kauntala n'kuthamangira pakhomo. "Asiyeni, ndi bambo anga." Anandipulumutsa, koma mawu omwewo ndi amene amupachika. Manejala wawo, mnyamata wina dzina lake Fletcher, anati ngati bambo akudzitengera switi anthu akuona, nanga abale ena akudutsa ndi zotani pa kauntala imeneyo anthu asakuona? Anamuimitsa ntchito mwezi wathunthu.

Che Abbasi atamva anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anapukuta misozi n'kunena kuti, "Mdala iwe, pita ukapepese. Mwana uja alibe kwina kopita." Ndinapitadi. Ndinavula chipewa pakhomo pa ofesi ya Fletcher, ndinadikira kuti andiuze pokhala, ndipo ndinayamba bwino kwambiri. Ndinati, "Bwana, wolakwa ndine, mwanayo sakudziwapo kanthu." Ndinaona nkhope ya mnyamatayo ikufewa. Koma atabwereza zoti mwezi wathunthu, pakamwa panga panangoyankha pokha. "Mwezi wadula, bwana. Tsitsaniko. Mtengo womaliza munena bwanji?" Anamwetulira pang'ono, n'kunena kuti mwina masabata awiri. Munthu wanzeru akanathokoza n'kudzuka. Ine ndinangoona dzanja langa latambasuka lokha pamwamba pa tebulo. "Nanga basela?"

Chitseko ananditsegulira yekha. Wati nkhani yonse aisiya m'manja mwa eni shopu, amene akubwera kuchokera ku Lilongwe kumapeto kwa mwezi uno, ndipo atsikana ofuna ntchito imeneyo ndi ambirimbiri. Wati ngati ndili ndi mawu enieni, ndidzawanene pamaso pa eni akewo.

Kunyumba tsopano kwazizira kuposa Kwa Magalasi. Felista sanandikalipire, bola akanatero. Amangonditcha akasitomala. Akandibweretsera tiyi amati, "Tiyi wanu, akasitomala. Mufuna lisiti?" Poyamba ndinkaseka, ndimvekere mwana watengera bambo ake uyu. Koma dzulo ndinamupeza kuseri kwa nyumba akukwecha chiwaya chake chakale cha mandasi, yunifolomu ataipinda n'kuiika m'jumbo. Ndinaima pamenepo kufunafuna koseketsa koti ndinene, osakapeza. Aka n'koyamba chibadwire.

Ndiye ndili ndi mafunso awiri. Loyamba, kodi ndinaba, pomwe chikwangwani chikunena chokha? Lachiwiri, munthu ngati ine amapepesa bwanji osaseketsa? Ndayeserera pagalasi, koma nkhope yomwe ndikuiona m'menemo ndi yoseketsa kale.

P.K., Kamwendo, Mchinji.

Akasitomala,

Nanenso ndizikutchulani choncho mpaka mwana abwerere pa kauntala yake.

Funso loyamba mwaliyankha nokha osadziwa. Mwalemba kuti basela ndi kapamwamba kamene wogulitsa amakuikira. Wogulitsa, osati wogula. Zaka zonsezi pa benchi ya Che Abbasi, munayamba mwapisapo dzanja m'botolo mwake? Ayi, mumatambasula dzanja n'kudikira. Basela amachoka m'dzanja la mwini katundu. Akachoka ndi dzanja lanu amakhala ndi dzina lina, lija linaimitsa njinga za a kabaza. Komanso Felista si mwini katundu. Che Abbasi akakuponyerani switi waluza yake, koma Felista akalola switi idutse wapereka ya eni. Chikwangwani chija chimakutumani kunyamula katundu mpaka pa kauntala, osati mpaka m'mimba.

Sindikuti ndinu wakuba. Ndinu bambo amene munapita kukaona mwana akugwira ntchito, n'kuthera pofuna kuti anthu aone inuyo. Mzere unaseka ulere, wolipira kusekako ndi mwana wanu.

Yambani kunyumba, osati ku ofesi. Kwa Fletcher mwapepesako, ngakhale mwa theka, koma m'kalata yanu yonse sindinaone pomwe mwapepesa kwa Felista. Musachite zimenezi pa tiyi adzukulu ali pomwepo, chifukwa inu mukaona omvera mumayamba sewero. Muitaneni pambali, mukhale awiriwiri, mumuuze kuti munaswa lonjezo ndipo mwamuchititsa manyazi pantchito yomwe anaivutikira. Akakuyankhani ndi mawu aja akuti akasitomala, mezani, musabweze. Mukatero mumufunse ngati akufuna kuti mukaonekere kwa eni shopu. Ntchito ndi yake. Akati ayi, khalani pakhomo.

Akavomera, musapite nokha. Tengani Che Abbasi. Ndi wamalonda mnzawo, atha kuwafotokozera kuti basela n'chiyani kwa anthu a msinkhu wanu, n'kuchitiranso umboni kuti chiyambire simunamutengerepo kanthu kuseri. Akhale moyandikana nanu moti phazi lake lizifika pa lanu. Akangomva kuti "Nanga", aponde.

Musanalowe mu ofesi lipirani switiyo pa kauntala, mutenge lisiti, mukalipereke m'manja mwa eni shopu. Mawu anu akhale ochepa: ndinatenga ndine, mwana anandikaniza anthu akumva, chilango chikhale changa. Pemphani kuti afunse amene anali pafupi tsikulo, kapena aone kamera ngati ilipo, chifukwa Felista ananena momveka kuti muno mulibe basela. Mawu amenewo ndi amene angamuyeretse, ndipo woyenera kuwakumbutsa anthu ndinu. Muwalonjezenso kuti simudzaimanso pa mzere wa kauntala yake. Chipewa muchigwire ndi manja onse awiri mpaka mutuluke, kuti lina lija lisapeze mpata wotambasuka.

Naye Felista asangokhala chete. Apemphe mwaulemu kuti amumve mbali yake asanagamule, ndipo ngati angamuchotse osamumva, akafunse malangizo ku ofesi ya zantchito pa boma.

Za nkhope musavutike ndi galasi. Nkhope yoyenera munali nayo tsiku lija kuseri kwa nyumba, mutaona chiwaya chija. Polowa mu ofesi mukumbukire chiwayacho, kuseka sikubwera.

Sindikukuuzani kuti musiye nthabwala, ndipo ndikudziwa kuti simungamve. Benchi ya Che Abbasi ilipo. Pitirizani kugula komweko, muzinenerera mpaka atuluke thukuta, poti malo otero akuchepa ndipo amakoma ndi anthu ngati inu. Kwa Magalasi muzikagula sopo wa mitundu uja mwakachetechete, pa kauntala ya mwana wa munthu wina, osati wanu.

Chenjezo langa ndi ili. Eni shopu atha kukhululuka, athanso kukana, zimenezo sizili m'manja mwanu. Koma akangoti mwana abwerere, ngakhale atati ayambe mwezi wamawa, musanenerere. Tsiku limenelo wogulitsa ndinu, ndipo katundu mwabwera naye ndi mmodzi yekha, "pepani". Poti mumalemekeza mwambo, muwaikire basela pamwamba pake: mutseke pakamwa, muvale chipewa, muzipita.

Aphungu