Maso anga amangothamangira ku benchi ya akulu ampingo

Agogo,

Ndine mtsikana wa zaka 19, ndinamaliza Giredi 12 ndipo ndikukhala ndi amayi kuno ku Chipata. Nkhani yangayi sindingaifotokozere anzanga chifukwa onse amawadziwa anthu amene ndikuwanena, n'chifukwa chake ndathawira kwa inu.

Kumpingo kwathu achinyamata tili ndi kagulu kophunzira kuyankhula pagulu. Timakumana Loweruka masana m'tchalitchi mukakhala mopanda anthu, ndipo amatiphunzitsa ndi a Lazarus, aphunzitsi opuma pantchito. Ndi munthu wanthabwala, koma ali ndi malamulo awiri amene sasintha. Usanapite kutsogolo uyenera kunena cholinga chako mwachidule, ndiye kuti chimene ukufuna anthu akachite iwe ukakhala pansi. Ukaimirira usayankhule kwa khamu lonse, usankhe nkhope imodzi n'kumayankhula nayo. Popeza poyeserera mabenchi amakhala opanda anthu, nkhopeyo timangoiona m'maganizo.

Mwezi wamawa kuli Sabata la achinyamata, tsiku limene ifeyo timatsogolera mapemphero, ndipo andisankha kuti ndikayankhule. Tangoganizani, ine amene ndinkaopa kuwerenga ngakhale vesi limodzi lokha. Mutu ndinasankha ndekha, wakuti katundu wa malemu ndi ana otsala.

Mutuwu sindinautole panjira, Agogo. Atate anatisiya mu 1993. Anali kalaliki ku boma ndipo tinkakhala bwinobwino. Maliro atangotha, ang'ono awo, a Gabrieli, anabwera ndi galimoto yobwereka n'kunyamula mipando, wailesi, njinga ndi makina osokera a amayi. Amayi anagwada kupempha kuti awasiyireko makina okha, koma iwo anati, "Mlamu, zonsezi anagula ndi akulu anga, ndi za kwathu." Makina amenewo ndi amene amayi ankasokera mayunifomu a ana asukulu. Lero amagulitsa tomato pamsika wa Kapata ndipo madzulo amabwera miyendo itatupa. Makina aja ali pabalaza pa a Gabrieli, atafunditsidwa nsalu yoluka, pamwamba pake pali maluwa apulasitiki. Kunyumba kumeneko palibe amene amadziwa ngakhale kulowetsa ulusi.

A Gabrieli ndi mkulu wa mpingo, ndipo Lamlungu lililonse amakhala pa benchi ya kutsogolo yoyang'anizana ndi anthu. Kuti ndisawanamizire, si oipa pa zonse. Mng'ono wanga Chipo amakhala kwawo chifukwa ndi pafupi ndi sukulu yake. Amadya bwino, ndipo nsapato zimene amavala anamugulira ndi iwowo.

Loweruka lapitali inali nthawi yanga yoyeserera. Atandifunsa cholinga, ndinati ndikufuna mpingo uzichitira chifundo akazi amasiye. Nditayamba, mawu ankangotuluka okha, mpaka anzanga anaimirira n'kumawomba m'manja. A Lazarus okha anangopinda manja. Anandiitanira pambali n'kunena kuti, "Mwana wanga, wayankhula bwino kuposa onse. Koma pakamwa pako pamatuluka chifundo, pamene chala chako chimaloza benchi ya akulu kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Wasankha nkhope ya ndani?"

Anandiuza kuti ndibwereze nditayang'ana mbali imene kumakhala azimayi. Agogo, lilime linalemera, chibwibwi chimene ndilibe chinandigwira, mfundo zonse n'kundithawa. Ndinazindikira kuti mphamvu zanga zonse zimachokera pa benchi ija.

Amayi atamva za mutuwu sanasangalale. Anati, "Ukufuna kutiyambanitsa ndi anthu amene akusunga Chipo? Iwe ukatsika pamenepo uzikaseka ndi anzako, koma ine ndi amene ndizikumana nawo m'maliro ndi m'maukwati."

Ndikuuzeni zoona. Ndimafuna ndiwaone a Gabrieli thukuta likutsika pamaso pa mpingo wonse. Ndimafunanso makina a amayi abwere kunyumba. Komanso pansi pa mtima ndimafuna kuti mwana wina asadzaime pakhomo ngati ine, n'kumaonerera mipando ya atate ake ikukwezedwa m'galimoto. Sindikudziwa chimene chikundiimiritsa kutsogolo kuja pa zitatuzi, ndipo ndikuopa kuti Chipo angavutike chifukwa cha pakamwa panga. Kodi ndisinthe mutu, kapena ndingowauza kuti asankhe wina? Nanga munthu akanena zoona ndi mtima wobwezera, zimakhalabe zoona?

J.M., Chipata

Mdzukulu wanga J.M.,

A Lazarus akowo ndawakonda ndisanawaone. Ukawapatse moni wanga, uwauze kuti iwo anapuma pantchito koma maso awo sanapume.

Ndiyambe ndi kukutula kamtolo kamodzi. Kukwiya kwako si tchimo. Zimene anachita a Gabrieli n'zolakwa, ndipo masiku ano lamulo la dziko lino limanena kuti katundu wa m'nyumba amatsalira mkazi ndi ana. Zoona zimakhalabe zoona ngakhale wozinena atakwiya, koma zikatuluka ndi mtima wobwezera anthu amamva mkwiyowo n'kuiwala zoonazo. Choncho mutu usausinthe, ndipo malo ako usapatse wina. Mtsikana amene ankaopa kuwerenga vesi limodzi, lero akuimiritsa anzake m'mabenchi, ameneyo sindingamulole kubwerera kumbuyo.

Vuto lako ndi lakuti wamanga mbuzi zitatu pa chingwe chimodzi, ndipo iliyonse ikukokera kwake. Ya thukuta ija imasule ipite, ndipo ndikuuza chifukwa chake. Tiye tidumphe Sabatalo tifike Lolemba m'mawa. Wayankhula, anthu atembenuza makosi kuyang'ana benchi ya akulu, a Gabrieli apukuta pamphumi, iwe mtima wako mbee. Ndiye kenako? Munthu wamkulu amene wachititsidwa manyazi ndi mwana pagulu sabweza kanthu, chifukwa kubweza kungakhale kuvomera pamaso pa tauni yonse. Makina akhalabe pansi pa maluwa apulasitiki, amayi ako akhalabe pamsika, ndipo Chipo adzadya chakudya chamadzulo m'nyumba imene palibe womuyankhula. Amayi ako sakuyankhula ndi mantha okha, akudziwa mmene anthu athu alili.

Nkhani ya makina si ya kutsogolo kwa tchalitchi, ndi ya pabalaza, ndipo ili ndi eni ake oiyendetsa. Ukwati wa makolo ako unali ndi ankhoswe, ndipo unkhoswe suthera kumanda. Khala pansi ndi amayi ako, uwapemphe kuti aitane atsibweni ako pamodzi ndi ankhoswe a kuchimuna, apite kwa a Gabrieli Sabatalo lisanafike. Asakatchule mipando, wailesi kapena njinga. Akapemphe chinthu chimodzi, ndipo akanene motere: "Tabwera kudzathokoza chifukwa chosunga Chipo, komanso makina aja munatisungira, mlamu wanu tsopano akuwafuna kuti azisokera ana."

Ndikudziwa kuti mawu akuti "munatisungira" akukutsamwa. Meza, mdzukulu wanga. Ukatero wawatsegulira khomo loti atulukire ali chiimire, ndipo anthu ambiri amene anatenga zinthu maliro ali otentha amafika pena pomalakalaka khomo lotere. Makina osagwira ntchito pabalaza amamuyang'ana mwini nyumba tsiku lililonse. Ngati angakane, nkhaniyo ipite kwa abusa mwakachetechete, ndipo pambuyo pake khoti lilipo. Koma zopita kukhoti asankhe ndi amayi ako, osati iwe, ndipo musanayambe njira imeneyo muganizire kumene Chipo angakhale.

Palinso china chimene sudzachikonda. Iweyo upite wekha kwa a Gabrieli masana, ukhale pansi monga mwana wa pakhomo, uwauze kuti, "Atate, andisankha kuyankhula pa Sabata la achinyamata, ndipo mutu wanga ndi wakuti." Asakaumvere koyamba ali pa benchi. Ngati zimene wakonza sungathe kuwauza muli awiri, ndiye kuti sizinapse zoti n'kukapereka kwa mpingo.

Tsopano tibwere ku lilime lolemera lija. Unachita chibwibwi chifukwa mawu amene unakonza ndi oimba mlandu, ndiye utayang'ana kwa azimayi unasowa womuimba mlandu. Akazi amasiye nkhaniyi akuidziwa kale kuposa iwe. Amene akufunika kuimva ndi abambo amene ali moyo. Lamlungu likubwerali yang'ana m'mabenchi a pakati, upeze bambo mmodzi wa ana ang'onoang'ono, amene amavala tayi ya kuofesi ndipo akuganiza kuti imfa ili kutali. Nkhope yako ikhale imeneyo. Umuuze zimene ukanakonda kuti wina akanawauza atate ako asanadwale, kuti aitane abale awo adakali ndi mphamvu, anene pamaso pa mboni kuti za m'nyumba muno ndi za mkazi wanga ndi ana anga, ndipo ngati angathe azilembe. Ukayankhula choncho mawu adzabwera, chifukwa atate ako umawakonda kuposa mmene umakwiyira ang'ono awo.

Cholinga chimene unapereka kwa a Lazarus uchikonzenso. Kuchitira chifundo ndi mawu okoma amene munthu amavomera ndi mutu n'kukawaiwala pakhomo la tchalitchi. Pempha chinthu chogwirika, monga kuti mpingo uzitumiza akulu awiri ndi amayi awiri kukakhala nawo pamene banja likukambirana za katundu maliro akatha. Zimenezi angathe kuzikambirana pamsonkhano wawo n'kuziyamba chaka chomwe chino. Ndipo usadabwe a Gabrieli atakhala m'gulu la okweza mkono kuvomereza. Zikatero usaseke.

Chenjezo langa ndi ili. Pa tsikulo usatchule makina osokera, galimoto yobwereka kapena maluwa apulasitiki, chifukwa Chipata ndi wamng'ono ndipo aliyense adzadziwa pabalaza pamene ukunena. Chala chija uchigwiritse Baibulo kuti chisayendeyende. Ukaona makosi akutembenukira ku benchi ya akulu, dziwa kuti wasochera, bwerera msanga kwa bambo wa tayi uja. Ndipo ukatsika anthu osawomba m'manja, usadandaule. Uyang'ane ngati bambo ameneyo watembenuka kuyang'ana mkazi wake ndi ana ake, chifukwa akatero ndiye kuti pali ana ena amene sadzaima pakhomo kuonerera mipando ikupita.

Ine kuno ndili ndi chitenje chatsopano chimene chikusowa telala. Uwauze amayi ako kuti ndachisunga.

Agogo