Timabowo Titatu Pamimba pa Bambo

Ntaja, Machinga
9 Disembala 2024

Okondedwa achemwali a Nafisa,

Asalaamu aleikum. Muli bwanji ku Joniko? Nanga alamu ndi ana? Kuno tilipo, ngati kupuma kokha nako n'kukhalapo. Mvula ikulonjeza ngati wofuna mavoti, ndipo kwathu ku Chikweo anthu akuwiritsa mango aawisi. Ine mphunzitsi wa digiri ndikudya gaga, koma ndimadya mwaulemu, nditavala tayi.

Za bambo munamva theka lokha: khansa ya pachiwindi ija inabwerera, ndipo opaleshoni yachiwiri ku Blantyre inayenda bwino. Theka linalo ndi ili.

Mukukumbuka ulendo woyamba anawang'amba kuyambira pachifuwa mpaka pamchombo, n'kugona m'chipatala milungu itatu. Chipsera chija ankachionetsa kwa asodzi anzawo ku Chiuta ngati mendulo. Ulendo uno madokotala sanang'ambe. Anaboola timabowo titatu, n'kulowetsa kakamera ndi tizida, n'kudula chotupacho akuyang'ana pa kanema. Tsiku lachinayi anatitulutsa.

Inu mukudziwa tanthauzo la kutulutsidwa msanga kwathu kuno. Azakhali a Dalesi atangoona tipulasitala titatu anayamba kulira, ati madokotala anangosuzumira, n'kuona kuti zatha, n'kutseka. Pofika Lachisanu anthu anali akubwera kudzazonda ndi nkhope za pamaliro. Ena anafunsa kale kuti bwato alisiyira ndani.

Koma mlandu waukulu ndi wanga, achemwali. Pobwerera, minibasi itaima panjira, ndinaona bambo ali duu. Ndinafuna kuwaseketsa. Ndinati ulendo wonsewu angokatemetsa mphini, zomwe asing'anga a Che Umar akanawatema pakhonde pamtengo wa nkhuku imodzi. Anthu onse m'minibasi anaseka. Bambo sanaseke. Iwo anamva kuti mwana wawo wophunzira wavomereza kuti palibe chachitika.

Tsopano maukonde apereka kwa msuweni wathu Uladi, ndipo asiya kudya. Mbale ikabwera amaikankhira kwa ana a mlongo wathu Zaituni. Ati chaka cha njala munthu wanzeru sathira chimanga m'thumba lobooka. Ashehe anawauza kuti sino nthawi ya Ramazani, komanso wodwala safunga, sasala kudya. Iwo anayankha kuti Ashehe alankhula bwino kwambiri, n'kutembenukira kukhoma.

Ndayesa zonse. Ndajambula chiwindi pamchenga ngati ndili m'kalasi. Ndawawerengera kalata ya adokotala, iwo ati pepala lolankhula Chingerezi silingakhale mboni. Kenako anatumiza Zaituni kukatenga Kurani, n'kundiuza kuti ndiigwire, ndilumbire kuti matendawa sadzabweranso.

Sindinathe. Adokotala anati zonse zooneka azichotsa, koma chomwe chinabwerera kamodzi chikhoza kubwereranso, ndiye tikajambulitse mu Febuluwale. Ndinayamba kunena za "mwina" ndi "nthawi zambiri". Zaka zinayi za ku yunivesite zinandiphunzitsa mawu awiri amenewo basi. Bambo anangondiyang'ana mondimvera chisoni.

Anati pamene amayi ankamwalira tonse tinkawanamiza kuti akupezako bwino, ndipo ndi inu nokha amene munawauza zoona. Ati ine pakamwa panga ndi pa nthabwala, Zaituni ndi wa misozi, wa zoona ndi Nafisa. Choncho tinapangana: adzamwa phala kawiri patsiku mpaka mawu anu afike. Mukati ali ndi moyo, adzadya. Mukati iyayi, tisadzawavutitsenso.

Mudabwa kuti bwanji sindinangoimba foni. Bambo ndinawauza kuti foni yanu inabedwa. Pepani, koma ku Joni zimenezo n'zosavuta kukhulupirira. Kalatayi ndapatsira Willard, woyendetsa thiraki uja wa ku Balaka, chifukwa sindikudziwa munthu wina wochedwa panjira kuposa iyeyo.

Ndikudziwa kuti simungawanamize, ndipo sindikukupemphani zimenezo. Funani mawu oona amene angachititse munthu kutsegula pakamwa. Ine ndawafuna, ndatopa. Mukawapeza, tumizani tsiku lomwelo. Mukapanda kuwapeza, chonde musafulumire kuyankha. Lembani pang'onopang'ono, mudikirenso Willard. Masiku onse amene bambo akuyembekezera inu, akudya. Dzulo anapempha kuti awaonjezere mchere.

Mulungu akusungeni ndi kukupatsani nzeru zoposa za ine. Mundiperekere moni kwa alamu a Raymond, ndipo ana muwauze kuti amalume awo akadali amoyo, kungoti lamba wawonjezera mabowo.

Ndine mlongo wanu wotopa,
Hamisi Laisi